Mafunso a Owerenga: Kodi Mantha a Pansi pa Madzi Angagonjetsedwe?

Funso: Akonzi, ndinamaliza maphunziro oyamba a scuba, kusambira pansi pa madzi utabereka silinda ya mpweya, ndipo ndinalandira chiphaso, koma pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Tsiku lina tili pa mamita ngati 12 pansi pa madzi, mnzanga amene anali patsogolo anandimenya kumaso ndi chipsepse cha kuphazi mosadziwa, masiki yanga, galasi lotchinga maso ndi mphuno, inasuntha ndipo madzi anadzaza mpaka m'mphuno. Mutu wanga unaima. Ndinayamba kupuma mwawefuwefu, ndinkaona ngati mpweya sukubwera, ndipo chimene ndinkafuna chinali kuthamangira pamwamba basi. Mlangizi wathu akanapanda kundigwira pa jekete ya mpweya n'kundiyang'ana m'maso, sindikudziwa kuti zikanatha bwanji. Pa maphunziro ndinkatulutsa madzi mu masiki popanda vuto. Nanga n'chifukwa chiyani zonse zinandiuluka pa nthawi imene ndinkazifuna? Kodi masewera amenewa sakundiyenera? *Mayi wina wowerenga*

Yankho: Mayi, zikomo polemba mosabisa, chifukwa ambiri amene zoterezi zinawachitikira amangosiya kusambira osauza aliyense chifukwa chake. Musafulumire kudziweruza. Zimene zinakuchitikirani zimachitikiranso anthu amene akhala akutsika pansi pa madzi kwa zaka zambiri, ndipo sizikusonyeza kuti ndinu wamantha mwachibadwa. Zikungosonyeza kuti luso lotulutsa madzi mu masiki munalidziwa m'mutu, koma manja ndi mphuno zanu zinali zisanalizolowere. Pa maphunziro munkadziwa kuti madzi alowa, munkawalowetsa nokha, mwinanso mutagwada pansi pa dziwe losambiramo mphunzitsi ali pomwepo. Tsiku limenelo madzi sanakuchenjezeni.

Ndi bwino mumvetse zimene zinachitika m'thupi mwanu. Munthu anazolowera kupumira m'mphuno kuyambira ali khanda, choncho madzi akangolowa m'mphuno thupi limakhulupirira kuti likumira, kholingo limafuna kutseka ndipo mtima umayamba kuthamanga. Kenako munthu amapuma mofulumira koma moperewera, moti mpweya umangoyenda m'khosi ndi m'chopumira cha m'kamwa osasinthana bwino ndi umene uli m'mapapo. Zikatero mpweya woipa wa carbon dioxide umachuluka m'magazi, ndipo ndi kuchuluka kwa mpweya umenewu, osati kuchepa kwa okosijeni, kumene kumachititsa munthu kumva kuti akubanika. Pansi pa madzi vutoli limakula chifukwa mpweya umene mumapuma umakhala wothinana, moti pa mamita 10 umakhala wothinana kawiri kuposa wa kumtunda ndipo umafuna mphamvu yochulukirapo kuti muukoke. N'chifukwa chake munkaona ngati chopumira chanu, chija osambira amachitcha regulator, chasiya kugwira ntchito, ngakhale kuti chinkapereka mpweya monga mwa nthawi zonse. Kubanikako kumawonjezera mantha, manthawo n'kuwonjezera wefuwefu, ndipo ena akafika pamenepa amalavula chopumira n'kudzivula masiki poganiza kuti zipangizozo n'zimene zikuwatsamwitsa.

Mlangizi wanu anachita bwino kukugwirani, chifukwa kuthamangira pamwamba n'koopsa kwambiri kuposa madzi a mu masiki. Mu 1662 Robert Boyle anasonyeza kuti mpweya ukapanikizidwa umatenga malo ochepa, ndipo kupanikizako kukachepa umafufuma. Pa mamita 10 thupi limapanikizidwa kawiri kuposa kumtunda, pa mamita 20 katatu, pa mamita 30 kanayi. Ndiye kuti munthu akadzaza mapapo pa mamita 10 n'kukwera osautulutsa mpweyawo, akamafika pamwamba umakhala ukufuna malo owirikiza kawiri, ndipo mapapo amang'ambika mofanana ndi chibaluni chimene chapopedwa mopitirira. Mpweya ungalowe m'mitsempha ya magazi n'kukafika ku ubongo, munthu n'kukomoka kapena kufa ziwalo ngati wadwala sitiroko patangopita mphindi zochepa atavuuka. Chomvetsa chisoni n'chakuti kufufuma kwakukulu kumachitika m'mamita omalizira, kumene munthu amaona ngati wapulumuka kale, moti ngozi imeneyi ingachitike ngakhale m'dziwe losambiramo. Ichi n'chifukwa chake lamulo loyamba la scuba limati musasiye kupuma, ndipo bungwe lophunzitsa scuba la PADI limaphunzitsa kuti munthu asakwere mofulumira kuposa mamita 18 pa mphindi imodzi, pamene makompyuta ambiri ovala pamkono amayamba kuchenjeza munthu akapitirira mamita 9 kapena 10 pa mphindi.

Tsono kungodziuza kuti mudekhe sikukwanira, chifukwa mantha akafika pachimake mutu sumvanso malangizo. Chimene chimatsala ndi zimene thupi linazolowera, ndipo chizolowezi chimabwera ndi kubwerezabwereza. Ndikukulangizani kuti mubwerere m'madzi osaya, pamene mungaime mutu uli kunja, limodzi ndi mphunzitsi wovomerezeka, ndipo muyambire pa chinthu chenicheni chimene chinakuopsani, chomwe ndi madzi a pamphuno. Vulani masiki, ikani chopumira m'kamwa, mizani nkhope n'kumakoka mpweya ndi pakamwa, kuutulutsira m'mphuno pang'onopang'ono. Poyamba mwina mudzangopuma kawiri kapena katatu n'kudzuka mukutsokomola, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Pumulani n'kuyambiranso, mpaka mutatha kukhala mphindi yathunthu mtima uli m'malo.

Mukafika pamenepo, valani masiki n'kulowetsa madzi pang'ono, ofika m'munsi mwa maso. Kanikizani m'mphepete mwa masiki mwa kumtunda pachipumi ndi zala ziwiri, kokani mpweya bwinobwino ndi pakamwa, yambani kuutulutsira m'mphuno mutu ukadali wowerama, kenako tukulani nkhope pang'onopang'ono mukupitiriza kutulutsa. Anthu ambiri amasokoneza dongosolo limeneli, amayamba n'kuyang'ana m'mwamba, madzi n'kutsikira m'mphuno mpaka kukhosi, kenako n'kumati lusoli linawakana. Palibenso lamulo lakuti madzi onse atuluke popuma kamodzi. Mungapume kangapo masiki ili ndi madzi, chifukwa pakamwa panu mpweya ulipo. Mukazolowera, dzazani masiki yonse, kenako ivuleni n'kuivalanso, ndipo pomaliza sambirani kamtunda popanda masiki mnzanu atakugwirani dzanja. Mukatsamwa musachotse chopumira. Chigwireni ndi dzanja n'kutsokomolera momwemo, chifukwa chinapangidwa moti chimalola zimenezo.

Ine sindikhutira ndi kuyeserera kumene kumathera pa kugwada pansi pa dziwe. Panyanja nthawi zambiri pansi pamakhala patali, kapena pamakhala zamoyo zosayenera kupondedwa, choncho lusoli liyenera kuchitika munthu atayandama pakati pa madzi, osakwera komanso osatsika. Munthu akamalimbana ndi masiki amadzaza mapapo mosadziwa n'kuyamba kukwera, ndipo ayenera kuphunzira kuzindikira zimenezo maso asakuona bwino. Mukatha kutero, gwirizanani ndi mphunzitsi kuti azikupatsani chizindikiro chovulira masiki pa nthawi imene simukuyembekezera, maganizo anu ali pa zina. Zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi kuzula masiki ya mnzako mwamasewera, lomwe ndi khalidwe loopsa ndipo siliphunzitsa munthu chilichonse koma kuwonjezera mantha.

Aphunzitsi a scuba amakonda kubwereza mawu anayi akuti imani, pumani, ganizani, kenako chitani. Pa mawu anayiwa ndingatsindike kupuma, makamaka kutulutsa mpweya kwa nthawi yaitali, chifukwa n'kumene kumachotsa mpweya woipa uja n'kuthetsa kubanika. Mukangomva kuti nthumanzi yayamba, siyani kupalasa, gwirani chingwe kapena mkono wa mnzanu, yang'anani geji yosonyeza mpweya wotsala mu silinda kuti maso anu aone okha kuti mpweya ulipo, ndipo gwedezani chikhatho chotambasula posonyeza kuti chinachake sichili bwino. Ngati mtima sukukhazikika, lozani m'mwamba ndi chala chachikulu kuti mukwere limodzi pang'onopang'ono. Wosambira aliyense ali ndi ufulu wothetsa ulendo nthawi ina iliyonse popanda kufunsidwa chifukwa. Koma ngati mantha oterewa amakugwiraninso muli kumtunda, kapena mumamwa mankhwala a nkhawa, kapena muli ndi chifuwa cha mphumu, kaonaneni kaye ndi dokotala wodziwa za kusambira pansi pa madzi musanavalenso silinda.

Funso: Patha zaka ziwiri chivalireni silinda komaliza, ndipo anzanga akundiitana kuti tikasambire limodzi. Chiphaso changa sichinathe ntchito, komanso ndikuchita manyazi kubwerera m'dziwe ngati wophunzira watsopano. Kodi kubwereza maphunziro n'kofunikadi? *Bambo wina wowerenga*

Yankho: Bambo, n'zoona kuti chiphaso sichitha ntchito, koma luso limaiwalika, ndipo limene limayamba kuiwalika ndi la pangozi, chifukwa ndi limene munthu saligwiritsa ntchito pa ulendo woyenda bwino. Mabungwe ophunzitsa ali ndi maphunziro aafupi obwereza, monga a PADI otchedwa ReActivate, ndipo malo ambiri otengera anthu kukasambira pansi pa madzi amawafuna kwa aliyense amene wakhala miyezi 6 mpaka chaka osalowa m'madzi. Manyaziwo atayeni.

Kuwonjezera pa za masiki zimene ndafotokoza pamwambapa, bwerezani kupeza chopumira chikachoka m'kamwa. Pendekerani kumanja, yendetsani dzanja lamanja kuchokera pantchafu kupita kumbuyo n'kulizungulitsira kutsogolo, ndipo paipi idzakodwa pamkono. Nthawi yonseyi muzitulutsa timathovu pakamwa, ndipo mukachibweza m'kamwa muchotsemo madzi pouzira kapena podina batani la kutsogolo musanakoke mpweya. Yesererani kupuma chopumira chikamatulutsa mpweya mosalekeza, osachitsekera ndi milomo yonse kuti wotsalawo uzituluka, podziwa kuti zikachitika zenizeni muyenera kuyamba kukwera chifukwa silinda siichedwa kutha. Yesereraninso kupatsana mpweya. Chizindikiro chosonyeza kuti mpweya wakutherani ndi dzanja lodutsa pakhosi, ndipo chopumira chachiwiri, chimene nthawi zambiri chimakhala chachikasu, chiyenera kukhala pakati pa chibwano ndi nthiti zam'munsi. Musanalowe m'madzi funsani mnzanu kuti adzakupatsani chiti, popeza ena amapereka chimene chili m'kamwa mwawo n'kutenga chachiwiricho iwowo.

Palinso kukwera nokha mpweya utatha, kumene kumachitika pokhapokha ngati mnzanu ali kutali ndipo muli pa mamita 9 kapena kucheperapo. Mumasiya chopumira m'kamwa, mumayang'ana m'mwamba dzanja litatsogola, n'kumasambira mukutulutsa mawu akuti "aaa" osalekeza kuti mpweya wofufuma uzituluka. Luso limeneli musaliyeserere popanda mphunzitsi. Ndipo chopambana n'kusafika pamenepo, poyang'ana geji kawirikawiri. Silinda yodzaza nthawi zambiri imakhala ndi 200 bar, womwe ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya umene geji imasonyeza, ndipo muyenera kuvuuka mutatsala ndi pafupifupi 50 bar, mutaimanso mphindi 3 pa mamita 5.

Chinthu chimene ndikufuna musachinyalanyaze ndi kutaya mtovu wolemetsa thupi. Bungwe la Divers Alert Network, limene linayamba mu 1980 ndipo limasonkhanitsa malipoti a ngozi za osambira, lakhala likusonyeza kuti ambiri mwa amene anafa anapezeka mtovu wawo ukadali m'chiuno, ena mwa iwo atafika kale pamwamba n'kumiranso. Dziwani pamene pali chomasulira lamba kapena matumba a mtovu moti dzanja lizipitako lokha osayang'ana, dziwaninso cha mnzanu, ndipo yesererani kuuzira jekete ya mpweya, ija amaitcha BCD, ndi pakamwa muli pamwamba pa madzi.

Funso: Nanga mantha akagwira mnzanga amene ndikusambira naye, ndingachite chiyani? *Wophunzira wina*

Yankho: Choyamba n'kuzindikira msanga. Munthu amene mantha ayamba kumugwira amatong'ola maso, thovu lake limatuluka mosadukiza, amapalasa ndi manja ndipo sayankha zizindikiro. Mufikireni cha kutsogolo kuti akuoneni, mugwireni pa jekete, muyang'aneni m'maso n'kumusonyeza ndi dzanja kuti apume pang'onopang'ono. Akayamba kukwera mwaliwiro, yesetsani kuchepetsa liwirolo pomugwira n'kutulutsa mpweya mu jekete yanu, koma musamukanikizire pansi munthu amene alibe mpweya, ndipo akakupulumukani musamuthamangire pa liwiro lomwelo, chifukwa mungavulale nonse awiri pasakhale wothandiza mnzake. Pamwamba pa madzi munthu wotere amakwera aliyense amene wamuyandikira, choncho yambani mwadzaza jekete yanu, mufuulireni kuti adzaze yake ndi kutaya mtovu, ndipo ngati pali choyandama mukankhireni. Zonsezi zimaphunzitsidwa mokwanira m'maphunziro opulumutsa anthu, amene ku PADI amatchedwa Rescue Diver.

Akatuluka m'madzi musamusiye yekha ngakhale atanena kuti ali bwino. Akamamva kupweteka m'chifuwa, akamatsokomola magazi, akamachita dzanzi, akafooka mbali imodzi kapena akamalankhula zosamveka, mugonekeni chagada, mupatseni okosijeni ngati ilipo ndipo itanani achipatala nthawi yomweyo, muwauze kuti anali pansi pa madzi, pa mamita angati komanso kwa nthawi yaitali bwanji, chifukwa angafunike kumutengera kuchipinda chapadera chopanikiza mpweya. Musamubwezere m'madzi poganiza kuti zimenezo zimuchiritsa.