Pulayiwudi yekha pakhoma la galaja, zitheka?

FUNSO: Amisiri, galaja yanga ndi yogundana ndi nyumba ndipo ndikufuna kuisandutsa mopalira matabwa. Makoma ake ndi mafelemu a matabwa, mkati osatseka. Ndikuganiza zolowetsa fibreglass (ulusi wagalasi wotchinga kutentha ndi kuzizira) pakati pa mafelemuwo n'kukhomera pulayiwudi, poti ndiye amagwira bwino zida. Kodi woyendera zomangamanga avomera?

YANKHO: Bambo, pamakoma oyang'ana panja akhoza kuvomera. Koma pakhoma lomwe galaja yagawana ndi nyumba, musayembekeze. Muganize zomwe muziunjika mmenemo: utuchi, vanishi, thina wosungunulira penti, mwinanso chigubu cha petulo. Moto ukabuka, khoma limenelo ndi lomwe lipatse ana anu mpata wothawa, ndipo pulayiwudi ndi nkhuni basi.

Malamulo amasiyana dera ndi dera, choncho mufunse kaye ku ofesi yopereka chilolezo. Koma tengani chitsanzo cha International Residential Code, yomwe madera ambiri a ku United States amatsata: khoma logawana likutidwe ndi bolodi la jipsamu (mwala wofewa wosayaka moto) la 12.7 mm mbali ya galaja, ndipo ngati pamwamba pa galaja pali chipinda chokhalamo anthu, kudenga kukhale la 15.9 mm la mtundu wa Type X, wopirira moto kwambiri. Chitseko cholowera m'nyumba chikhale cha thabwa lenileni lokhuthala 35 mm, kapena chopirira moto mphindi 20, ndipo chisatsegukire kuchipinda chogona. Pulayiwudi wanuyo mukhomere pamwamba pa jipsamu, masikuluwu afike m'mafelemu. Macheka ndi mahamala mupachika momwe mufunira.

Fibreglass musaifinye. Chomwe chimatchinga kutentha ndi mpweya wotsekeredwa mu ulusi wake, ndiye ukaipanikiza wataya ndalama. Muidule molingana ndi mpata, ndipo pamene padutsa waya muing'ambe pakati kuti waya agone mkati. Valani magolovesi ndi chotchinga mphuno, imayabwa koopsa. Ikakhala ndi pepala kumbali imodzi, pepalalo limayaka, silisiyidwa poyera. M'madera ozizira limayang'ana mkati, mbali yofunda, kuti chinyezi chisalowe n'kubala chuku. Mabolodi a thovu otchinga kutentha nawonso amafuna kuphimbidwa ndi jipsamu.

Chomwe ndimaona anthu akulira nacho ndi changu. Mawaya ndi masoketi woyendera ayenera kuziona khoma lisanatsekedwe, apo ayi adzakuuzani kuti mugumule. Mipata yonse ya khoma logawana muimate, utsi wa galimoto usalowe m'nyumba, ndipo jipsamu mumutukule pafupifupi 12 mm kuchoka pansi kuti asamwe madzi a pasimenti.