Akuti bambo anga anamenyedwa hamala, kodi nanenso zindigwera?

Adokotala, bambo anga anagwa ali kumunda chaka chatha. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, kukamwa kunapotoka. Kumudzi akuti anamenyedwa hamala. Ine ndili ndi zaka 43, mutu umandiwawa kawirikawiri ndipo usiku mtima umagunda kwambiri. Ndimamwa brufen, pena mapiritsi a BP a apongozi anga.
Mayi wa ku Dedza

Mayi, chakulembetsani kalatayi si mutu ayi. Mukuopa kuti zimene zinagwera bambo zikulondolani. Nkhawayo ndi yomveka, pakuti BP, yomwe kawirikawiri imayambitsa matenda otere, imayenda m'mtundu. Koma za hamalazo tiyeni tizisiye.

Bambo anadwala sitiroko. Mtsempha wopititsa magazi ku ubongo unatsekeka kapena kuphulika, ndipo chigawo cha ubongocho chinawonongeka. Ubongo wakumanzere ndiwo umayendetsa ziwalo zakumanja, nchifukwa chake kunafa mbali imodzi. Anthu amathamangira ufiti poti munthu amagwa mwadzidzidzi akuoneka wathanzi. Komatu BP imadya mitsempha kwa zaka zambiri mwiniwake osamva kanthu. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno anali nayo, ndipo ambiri sankadziwa. Chimandipweteka nchakuti banja likamalimbana ndi kuombeza ndi kuloza agogo chala, wodwala amangogona pamkeka osayezedwa n'komwe.

Nanunso ndikudzudzuleni pang'ono. Brufen amakweza BP ndipo amavulaza impso mukamamwa pafupipafupi. Mapiritsi a apongoziwo anawalembera iwowo atawayeza. Inu anakuyezani ndani?

Pitani kuchipatala sabata ino. Akayeze BP, ndipo mudzabwerezenso tsiku lina, chifukwa kuyeza kamodzi sikukwanira. Ikamafika 140/90 kapena kuposa, ndiye kuti ndi yokwera. Mupemphenso akuyezeni shuga, mkodzo ndi kuchuluka kwa magazi, poti kuchepa magazi nakonso kumagunditsa mtima. Akakuyambitsani mankhwala, ndi a tsiku lililonse, ngakhale mutu utasiya. Mchere usapose kasupuni ka tiyi kamodzi patsiku, ndipo soda wa m'therere naye muchepetse.

Bambo muwatenge. Amene anadwalapo sitiroko ikhoza kumubwereranso, choncho akufunika kuyezedwa BP ndiponso kuchita mafizo. Pakhomopo wina akayamba kupotoka kukamwa, kufooka mkono kapena kulankhula zosamveka, musamupatse asipirini kapena kudikira kuti kuche. Pezani galimoto nthawi yomweyo.