Kwa mtsikana wothamanga amene wavulala mtsempha wakuchidendene

Mchemwali, imelo yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati patha miyezi isanu chivulalireni mtsempha wakuseri kwa chidendene, anzanu akuthamanga pomwe inu mukuyendabe motsimphina, ndipo usiku mumangolira panokha. Mukufunsa ngati alipo amene anabwererapo m'bwalo zitafika potere.

Alipo ndithu. Kelly Holmes wa ku Britain, yemwe poyamba anali msilikali, anathamanga mamita 800 pa Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996 fupa la mwendo lili long'aluka, n'kumaliza wachinayi. Mu 1997 ku Athens anavulala mtsempha womwewo wavuta inuwo, mpikisano wa dziko lonse lapansi n'kumuthera pomwepo. Mu 2000 pa Olimpiki ya ku Sydney anakhala wachitatu.

Koma chimene chandichititsa kuti ndikuuzeni za iyeyu ndi kulira kwanu kwa usikuko. Mu 2003, ali ku France kokonzekera, mwendo unavutanso. Mtima unamuthera. Ankadzitsekera m'bafa n'kumadzicheka ndi sizasi, kenako n'kutuluka ngati palibe chachitika. Nthawi imeneyo ankachita masewera olimbitsa thupi limodzi ndi Maria Mutola wa ku Mozambique, katswiri weniweni wa mamita 800. Za bala lamumtimali anadzaziulula poyera patapita nthawi, ndipo ine zimandikhudza kuposa mamendulo ake onse.

Mu 2004 anabwerera ku Athens komweko kukathamanga pa Olimpiki ali ndi zaka 34. Pa mamita 800 anachokera kumbuyo, n'kudutsa anzake pamapeto penipeni, Mutola n'kukhala wachinayi. Mukaona kanema wake, maso ali tong'o, pakamwa yasa, iye mwini sakukhulupirira kuti wapambana. Patangopita masiku ochepa anatenganso golide pa mamita 1500.

Sindikunamizani kuti onse zimawathera chonchi. Derek Redmond, wothamanga wina wa ku Britain, anang'ambika mnofu wakuseri kwa ntchafu akuthamanga pa Olimpiki ya ku Barcelona mu 1992, bambo ake anatsika m'khamu n'kumugwiriziza mpaka pamzere, koma pa Olimpiki sanabwererenso.

Za mwendowo mverani adokotala anu, musafulumire kuthamanga chifukwa choti anzanu akukusiyani. Mtsempha umenewu umachira pang'onopang'ono, ndipo miyezi isanu si yambiri. Koma za usikuzo musazisunge nokha, chonde. Uzani amayi kapena aphunzitsi anu amasewera sabata ino, ndipo tsiku lokaonetsa mwendo kuchipatala mukanenenso kuti tulo sakubwera. Mukatero mundilemberenso, ndimve mmene zayendera.