Munakwapuladi mwanayo, koma musasaine kalata imene simunalembe

Aphunzitsi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mumaphunzitsa sitandade 6 pa sukulu ina ya boma ya pulayimale, ndipo chino ndi chaka cha 12 mukugwira choko. Lachiwiri lapitalo munakwapula m'manja mnyamata wa zaka 13 ndi kandodo ka bulugamu chifukwa ankagenda anzake ndi njere za bwemba inu muli mkati mophunzitsa. Chala chinatupa, mayi ake anapita naye kuchipatala, pochoka kumeneko analunjika kupolisi. Ahedi akuuzani pakamwa kuti muyambe mwakhala kunyumba. A PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu, abwera ndi kalata yolemberatu yoti musaine kuvomera kuti "munavulaza mwana mwadala". A komiti ya sukulu nawo akuti mukapereka K150,000 kwa makolo, nkhani ithera pomwepo. Mukufunsa ngati ahedi angakuchotseni ntchito, ngati musaine, komanso ngati angakuthandizeni mawu amene bambo a mwanayo anakuuzani potsegulira teremu, oti "akavuta mukwapuleni ndithu".

Ndiyambe ndi mawu a bambowa popeza ndi pamene mwatsamira kwambiri. Sakuthandizani. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino, a chaka cha 1994, limaletsa kuzunza munthu kapena kumupatsa chilango chonyazitsa, ndipo ndime yake yachinayi imatchula mwachindunji chilango chomenya thupi pa nkhani iliyonse imene ili m'manja mwa nthambi ya boma. Sukulu yanu ndi ya boma, wokulipirani ndi boma. Unduna wa zamaphunziro unaletsanso mkwapulo m'malamulo a khalidwe la aphunzitsi. Kholo silingakupatseni chilolezo chochita chinthu chimene lamulo ndi abwana anu akukaniza. Maloya timatsutsana ngati gawo 19 limafikanso m'sukulu za pulaiveti, koma mkanganowo sukukukhudzani inu, ndipo ngakhale mphunzitsi wa pa pulaiveti lamulo la milandu ya upandu, Penal Code, limamupeza ndithu. Ndikudziwa kuti ambirife tinakula ndi mkwapulo. Ineyo ndinazulapo chitsa masiku atatu chifukwa chochedwa ku asembule. Ndikudziwanso kuti ana 118 amene mwatchula m'kalasi imodzi si masewera. Zoterezi amajisitireti angazimve pofuna kuchepetsa chilango, koma mlandu sizifafaniza.

Komatu munthu akalakwa sataya ufulu wake woti amvedwe. Ndipo choopsa kwambiri pa zonse mwandiuzazi si apolisi ayi, ndi mawu a pakamwa a ahediwo.

Ndinathandizapo mphunzitsi wina amene anauzidwa chimodzimodzi, "kapumeni kaye kunyumba, tikuitanani". Anamvera. Anakhala akulima dimba lake miyezi ingapo, kudikira. Kalata itabwera, inalibe ngakhale liwu limodzi la nkhani imene anamuuzira kuti akapume. Inati anathawa ntchito. M'buku losainira m'mawa munalibe dzina lake masiku onsewo, ndipo amene anamuuza kuti akhale kunyumba uja anali atasamutsidwa, osakumbukanso kuti ananenapo zotero. Mlandu wojomba kuntchito popanda chilolezo ndi wosavuta kuupeza pa munthu, chifukwa umboni wake ndi buku lokha.

Choncho lembani kalata yaifupi kwa ahedi, mutchule tsiku ndi nthawi imene anakuuzani kuti musabwere, muwapemphe kuti atsimikize zimenezi polemba. Mulembe makope atatu: ina ya ahedi, ina mukasiye ku ofesi ya zamaphunziro paboma, kumene ambiri timangoti kwa a DEM, ina yanu, ndipo pa yanuyo adindepo chidindo ndi deti. Kufikira kalata yokuimitsani itabwera, muzifika pa sukulu m'mawa uliwonse n'kusaina m'buku. Musakakamire kulowa m'kalasi, khalani mu sitafurumu. Akakubisirani buku, lembani m'kope lanu tsiku, nthawi ndi dzina la mphunzitsi mnzanu amene wakuonani. Ngati achibale a mwanayo akukuopsezani moti kufika pa sukulu n'koika moyo pachiswe, zimenezonso zilembeni m'kalata yomweyo ndipo mudziwitse apolisi.

Ahedi alibe mphamvu yochotsa ntchito mphunzitsi wa boma. A PEA alibenso, komiti ya sukulu ndi amfumu ndiye ayi ndithu. Iwo amalemba lipoti, lipotilo limakwera kudzera ku ofesi ya paboma, ndipo chigamulo chochotsa munthu chimachokera ku Teaching Service Commission, bungwe lolemba ntchito ndi kulanga aphunzitsi a boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, kapena ku komiti imene yapatsidwa mphamvuzo motsata lamulo. Chimene chingabwere msanga ndi kalata ya interdiction. Imeneyi si yokuchotsani, ndi yokuimitsani podikira kuti nkhani ifufuzidwe, ndipo mumakhalabe wantchito wa boma. Ikafika muione bwino: ikunena mlandu wanji, yasainidwa ndi ndani, ikuyamba liti, ndipo ikuti chiyani pa malipiro anu. Gawo 43 la malamulo aakulu limapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu a boma pomuchitira kanthu atsate lamulo ndi chilungamo, komanso amupatse zifukwa zolembedwa ngati chigamulocho chikukhudza ufulu wake. Malipiro akangoima popanda kalata, gawo limeneli ndi limene mutchule polemba dandaulo.

Kalata ya a PEA ija musasaine. Auzeni mwaulemu kuti mulemba lipoti lanu nokha, ndipo mupemphe masiku angapo. Vuto lili pa liwu loti "mwadala". Inu mukuti munafuna kulanga, osati kuvulaza, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu pamaso pa khoti pofika poganizira chilango. Pepala limene mwasaina ku TDC, kumene kuli ofesi ya a PEA, lero, mawa limapezeka mu fayilo ya wapolisi woimira boma pa mlandu, ndipo simudzatha kunena kuti mawuwo sanali anu. Mu lipoti lanulo mulembe zoona zokhazokha, mwachidule: tsiku, phunziro, zimene mwanayo ankachita, machenjezo amene munamupatsa, kuti munamukwapula kangati ndi pati, ndi zimene munachita mutaona kuti chala chatupa. Musayerekeze kukana. Ana 118 anaona, ndipo bodza pa nkhani ya ntchito nthawi zambiri limalemera kuposa cholakwa chenichenicho. Koma popeza lipotili likhoza kufikanso kukhoti, aliwerenge kaye loya musanalipereke. Ngati mulibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa kuti izithandiza anthu osatha kudzilipirira loya. Ndipo chonde musaitane ana a m'kalasimo kuti muwauze zokanena, kapena kukumana ndi mnyamatayo panokha. Kumeneko n'kusokoneza mboni, mlandu wina pamwamba pa unzake.

Ikafika nthawi yoti mukaonekere ku komiti yoona za mwambo, lamulo lokutetezani ndi Employment Act ya 2000, imene imakhudzanso ogwira ntchito m'boma kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Gawo 57 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati chifukwacho ndi khalidwe lake, apatsidwe kaye mwayi wodziteteza. Mwayi umenewu si kungoitanidwa pafoni madzulo kuti mawa mubwere. Pemphani mlandu wolembedwa, nthawi yokwanira yokonzekera, ndi kope la lipoti la kuchipatala. Pemphani kupita ndi nthumwi ya Teachers Union of Malawi, bungwe lomenyera ufulu wa aphunzitsi, ngati ndinu membala, kapena mphunzitsi mnzanu woti azilemba zonse zoyankhulidwa. Mboni zikayankhula, pemphani kuzifunsa mafunso. Mukaona kuti amene anakunenezani kapena kufufuza nkhaniyo ndi yemwenso wakhala pampando woweruza, nenani pomwepo kuti simukugwirizana nazo ndipo muumirire kuti zilembedwe, chifukwa dandaulo lotere mukalisunga mumtima, kutsogolo adzati munavomereza. Gawo 61 limaika mtolo pa olemba ntchito: ndi iwo oyenera kuonetsa chifukwa, ndiponso kuti anachita mwachilungamo. Pakati pa kukhululukidwa ndi kuchotsedwa pali zilango zina zimene gawo 56 limatchula, monga chenjezo lolembedwa, kuimitsidwa kwa kanthawi ndi kutsitsidwa paudindo, ndipo poyeza chilango amayenera kuonanso mbiri yanu. Zaka 12 zopanda chenjezo ndi chuma chanu pa tsikulo. Tengani kalata yokulembani ntchito, yokukhazikitsani, malipoti a oyendera sukulu, chilichonse choonetsa kuti ndinu munthu wotani pa ntchito.

Kupolisi akakuitanani pitani, musadikire kuti akutsateni. Mlandu ungakhale wa kumenya wamba pansi pa gawo 253 la Penal Code, umene chilango chake chachikulu ndi chaka chimodzi, kapena wa kumenya kovulaza thupi pansi pa gawo 254, umene umafika zaka zisanu. Popeza pali lipoti la kuchipatala, yembekezerani wachiwiriwu. Zakazi ndi malire a pamwamba, si kuti aliyense wopezeka wolakwa amalandira zomwezo, ndipo kwa munthu wolakwa koyamba makhoti ali ndi zilango zina zosapititsa kundende. Gawo 42 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wokhala chete ndi wokumana ndi loya. Mukasankha kupereka sitetimenti, akuwerengereni m'chiyankhulo chimene mukumva musanasaine. Akakutsekerani, ayenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti silikhala, pa tsiku loyamba lotsatira limene likhale. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Pitani ndi wachibale wamkulu amene ali ndi chiphaso cha unzika kuti akhale wokuimirani.

Za K150,000 zija. Kupepesa makolo ndi kubweza zimene anawononga kuchipatala si kulakwa, ndipo ine ndikanakhala inu ndikanapepesa msanga, kudzera mwa munthu wamkulu amene mbali zonse zimamulemekeza. Lamulo loyendetsera milandu ya upandu limalola khoti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu ya kumenyana yosakula kwambiri. Koma komiti ya sukulu si khoti. Ilibe mphamvu yokulipitsani chindapusa, ndipo singathetse mlandu umene uli kale m'buku la apolisi, chifukwa pamenepo wokuzengani ndi boma, osati mayi a mwanayo. Ndalama yoperekedwa pansi pa mtengo wa mango, popanda pepala, imatha kudyedwa mlandu n'kupitirirabe. Ngati mwagwirizana, zichitike pamaso pa apolisi a Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena pamaso pa amajisitireti, zilembedwe kuti ndalamayo ndi ya chiyani, makolo onse awiri asaine, ndipo pakhale mawu oti sadzakusumiraninso chipukuta misozi pa nkhani yomweyi. Khobidi lililonse lisapite m'thumba mwa wapolisi.

Dziwaninso kuti mlandu wa kupolisi ukatha, wa kuntchito suthera pomwepo. Khoti likhoza kukumasulani chifukwa umboni sunafike pochotsa chikaiko chonse, abwana anu n'kukulanganibe, popeza muyeso wawo ndi wotsikirapo. Khoti likakupezani wolakwa ndiye zimavuta kwambiri, pakuti chigamulocho chimakutsatirani kuntchito, komanso ku Teachers Council of Malawi, bungwe limene Education Act ya 2013 inalipatsa udindo wa kaundula ndi ziphaso za aphunzitsi. N'chifukwa chake kuyanjana mlandu usanafike pa chigamulo kuli ndi phindu kwa inu kuposa mmene a komitiwo akuganizira.

Zikafika poti akuchotsani, werengani masiku kuyambira pa deti ya kalatayo. Gawo 62 la Employment Act limapereka miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba paboma panu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito limene mungalipeze ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo munthu amatha kudziimira yekha. Njira yopempha khoti lalikulu la High Court kuti liunike mmene chigamulo cha boma chinapangidwira nayonso ili ndi malire a miyezi itatu. Ofesi ya Ombudsman, yofufuza za anthu ochitiridwa zopanda chilungamo, imalandira madandaulo kwaulere, ndipo imathandiza makamaka munthu akaimitsidwa n'kuiwalidwa zaka, mlandu osamvedwa. Ambiri amataya milandu yabwino chifukwa chodikira yankho la apilo ya ku unduna mpaka miyezi itatu ija kudutsa. Lembani apilo, inde, koma tsiku lomwelo kalembetseninso ku leba. Khoti likapeza kuti munachotsedwa mosatsata chilungamo, lingalamule kuti mubwerere pa ntchito kapena mulipidwe, ndipo gawo 63 limati wogwira zaka zoposa 10 koma zosapitirira 15 asalandire zochepera malipiro a masabata atatu pa chaka chilichonse chimene anagwira. Ndikuuziretuni kuti gawo lomwelo limauza khoti kuona mbali imene wantchitoyo anaputa yekha, choncho pa nkhani yanu musayembekezere zambiri kuposa pamenepo.

Makalata onse achitseni fotokope ndipo ena mukasunge kwa m'bale wanu, osati m'nyumba ya sukulu yokha. Mukaloledwa kubwerera m'kalasi nkhani isanathe, pemphani ahedi polemba kuti akusinthanitseni ndi mphunzitsi wa sitandade ina, kuti mayeso a mnyamatayo a teremu ino achonge ndi munthu wina.

Ine wanu,
Loya