Funsani Tikuyankheni: Chikalata cha madandaulo cha pa intaneti

Funso: Zikomo alembi. Daiki yoteteza mudzi wathu ku madzi osefukira idagumuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mpaka pano idakali chigumukire. Achinyamata akuti tiyambitse chikalata cha madandaulo pa intaneti. Timayamba bwanji, nanga akuluakulu amamva zoterezi? *Bambo wa kwa Makhuwira, Chikwawa*

Yankho: Bambo, achinyamatawo aganiza bwino, koma dziwani kuti palibe lamulo lokakamiza ofesi iliyonse kuchitapo kanthu chifukwa choti maina achuluka pa intaneti. Chikalata chimagwira ntchito chikapempha chinthu chimodzi, kwa munthu amene ali ndi mphamvu yochichita, ndipo eni ake n'kumachilondola.

Sankhani anthu 5 oyendetsa nkhaniyi, amayi asasowepo, ndipo muyambire kwa anyakwawa, ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera (ADC). Mukawadumpha amenewa, funso loyamba ku khonsolo lidzakhala lakuti, "Kodi a mfumu akudziwa?" ndipo ulendo wanu udzathera pomwepo. Za daiki lemberani a DC, makope apite kwa khansala, phungu wa dera lanu ndi ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ambiri amathamangira kulembera Pulezidenti, kalata n'kukakhala miyezi isanabwezedwe ku boma komwe akanayambira.

Mawu asapitirire 200. Tchulani mudzi, mtsinje, kutalika kwa malo ogumuka mwa mamita (kayezeni ndi chingwe, osangoyerekeza), mabanja okhala kumunsi kwake, ndi zomwe zili pachiopsezo monga sukulu kapena mijigo. Pempho likhale lomveka: "Tikupempha kuti akatswiri adzaone malowa pasanathe masiku 30 ndipo atiuze polemba tsiku loyamba ntchito." Mukathiramonso za msewu, makuponi ndi ng'ona, adzayankha chosavutacho n'kusiya daiki.

Pa Change.org, tsamba la pa intaneti la zikalata zoterezi, kuyambitsa n'kwaulere. Mumatsegula akaunti ndi imelo, kulemba mutu, kutchula wolandira, kuika chithunzi cha malo ogumukawo, kenako linki mumaimwaza pa WhatsApp ndi Facebook. Lembani m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo linkiyo muiperekeze ndi uthenga wa mawu wa m'Chisena kapena Chimang'anja. Chenjezani anthu anu za ichi: munthu akasaina, tsambalo limapempha ndalama zoti chikalata chionekere kwa ambiri. Ndalamazo zimapita ku kampaniyo, sizifika ku daiki, ndipo kusaina kumawerengedwa ngakhale osalipira.

Vuto lalikulu kuno ku chigwa ndi lakuti kusaina kumafuna imelo, foni ya intaneti ndi bandulo, pamene amene madzi amawalowera m'nyumba ambiri alibe zimenezi. Mapeto ake maina amachuluka a ku Blantyre, Lilongwe ndi Johannesburg, ndipo wolandira amangoti si anthu a m'deralo. Choncho yendetsaninso mapepala m'mudzi, kutchalitchi, kumzikiti ndi pa tsiku la msika. Pepala lililonse likhale ndi pempho lija pamwamba, mizere 20, ndi malo a dzina, mudzi, gulupu ndi saini kapena chidindo cha chala. Pepala lopanda pempho pamwamba amalikayikira kuti mwina maina adatengedwa pa kaundula wa chithandizo. Musalole mmodzi kusainira banja lonse. Akapeza mizere ingapo ya dzanja limodzi, mapepala onse amataya mphamvu. Kwa ife, maina 300 a eni mudzi amalemera kuposa 3,000 a anthu osadziwa komwe kuli East Bank, dera lanulo.

Mukamaliza, sindikizani maina a pa intaneti, phatikizani ndi a pamapepala, pangani makope 3, ndipo mukapereke pamanja. Kope lanu alidinde ndi tsiku lolandirira. Masiku mudatchula aja akatha, bwererani, ndipo uzani olemba nkhani ndi wailesi za m'dera monga Nyanthepa ya ku Nsanje. Mukhozanso kufunsa polemba ngati daikiyo ili m'mapulani a khonsolo: lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limapereka masiku 15 ogwira ntchito kuti muyankhidwe. Onaninso nyengo. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho lofika bajeti itadutsa kale limadikira chaka china, komanso daiki sakonza madzi ali m'khosi.

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ndikufuna kusainira chikalata chokhudza ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), koma ndikuopa. Kodi angandimange kapena kundisamutsa? *Mayi wa ku Bangula, Nsanje*

Yankho: Mayi, gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo kufunsa momwe ndalama za anthu zayendera si mlandu. Chimene chimagwetsa anthu m'mavuto ndi mawu a m'chikalatamo. Muwerenge chonse musanasaine. Ngati chikunena munthu kuti ndi wakuba popanda umboni, akhoza kusumira olemba ake kukhoti, ndipo lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti lili ndi zilango kwa otukwana ndi ovutitsa anzawo. Chikalata chabwino chimafunsa kuti, "Ndalama zidabwera zingati, zidagula chiyani, kontrakitala ndani?" Ngati chili ndi mbendera ya chipani, inu monga wogwira ntchito m'boma chipeweni. Pa Change.org mukhoza kusankha kuti dzina lanu lisaonekere poyera, ngakhale kuti limasungidwabe. Wina akakufunsani nambala ya chiphaso cha unzika kapena PIN ya Mpamba ndi Airtel Money kuti musaine, mukane. Mukachitiridwa nkhanza kuntchito chifukwa chosaina, kadandauleni kwa Ombudsman kapena ku Malawi Human Rights Commission.

Funso: Tikufuna kukapereka chikalata chathu tili gulu, tikuyenda pamsewu. N'zololedwa? *Mnyamata wa ku Nchalo*

Yankho: Achimwene, n'zololedwa, gawo 38 limalola zionetsero zamtendere zopanda zida. Dziwitsani a DC polemba kusanatsale maola 48, kope lipite ku polisi, ndipo mutchule njira yodutsa, nthawi ndi otsogolera. Gwirizanani msanga za amene adzalandire chikalatacho, chifukwa magulu ambiri amafika pa ofesi dzuwa la ku Chikwawa lili paliwombo n'kupeza mlonda yekha. Ngati muli anthu 5 okha opita kukasiya kalata, ingopanganani tsiku ndi alembi a ofesiyo.