Kelvin anandivula pa bolodi, iwe asakuvulenso

Mphwanga ndaona ma ansala ako a mafunso a kayendedwe ka kutentha. Pa nambala 1 ija ya kutentha kodutsa pa galasi lokhuthala 5 mm, formula yako ilibe vuto, chakupha ndi 5 mm uja wamulowetsa momwemo osamusintha. Akhale 0.005 m. Tenga k wa galasi 0.8 (k ndi nambala yosonyeza mmene chinthu chimadutsitsira kutentha), chulukitsa ndi area 1.5, chulukitsanso ndi 12 yemwe ndi 20 wa mkati kuchotsera 8 wa panja, ugawe ndi 0.005, utuluka 2880 W osati 2.88 wakoyo. Nambala 1 yatha pamenepo. Koma nambala 3 ya radiation ija ndangoiona mtima wagunda, waika ma degree momwe alili osawasintha kukhala Kelvin (kuphatikiza 273) ndipo chimenechi ndi chimene chinandionetsa zakuda ine.

Chaka choyamba ku koleji, ndangochoka kuno ku Dedza ndi kajuzi kanga kofiira ka pa kaunjika wa pa Lizulu, kumeneko kunali kotentha koma ine ndinazolowera kuvala juzi m'mawa. Lolemba pa tutoliyo alekichala alemba funso pa bolodi, chitsulo chakuda cha 1 m² chili pa 127°C m'chipinda cha 27°C, pezani kutentha kumene chikutaya mwa radiation. Kenako amvekere "iwe wa juzi, bwera." Kalasi yodzaza mpaka ena ayima kumbuyo. Ndadzuka miyendo ikunjenjemera, choko chathyoka ndisanalembe kanthu, ndatola kachidutswa kotsalako. Formula ndinkaidziwa bwinobwino, Stefan-Boltzmann, 5.67 × 10⁻⁸ ndinkatha kumutchula ngakhale kutulo. Ndalemba 127 kuchotsera 27, yatsala 100, ndaikweza pa 4, ndachulukitsa, ansala 5.67 W. Inatuluka yokongola moti ndinaidula mizere iwiri kunsi, ndikutembenuka kumwetulira ngati munthu wagoletsa chigoli.

Bamboyo anangokhala chete akundiyang'ana kuyambira ku nsapato. Kenako afunsa kalasi, osati ine, kalasi, kuti chitsulo chotentha kuposa madzi owira, chachikulu ngati theka la chitseko, chingatulutse moto wolingana ndi kababu kakang'ono? Anthu phwete. Andifunsa kwathu, ndati ku Dedza, amvekere "ndiye chifukwa chake, chisanu chakwanu chija chinakuumitsa ubongo." Holo yonse inagwa nacho chiseko, mpaka mtsikana amene ndinkamufuna anagona pa desiki akupukuta misozi. Ine chiimire ndi choko m'manja, thukuta kutsika mkati mwa juzi, sanandiuze kuti ndikakhale, ndinaima pamenepo mwina mphindi zitatu zokha koma ndinaona ngati tsiku. Kuyambira apo dzina langa linasanduka Five Point Six Seven mpaka kumaliza sukulu, ena mu gulu muno mukudziwa, musayambe.

Chimandipweteka mpaka lero si kusekedwako ayi. Munthuyo anangofufuta bolodi, sananene pamene ndalakwitsa, akuti mukaone m'buku, buku lake ku laibulale makope ochepa anthu kulimbirana. Mumalandira malipiro a chani ngati ntchito yanu ndi kuseketsa kalasi ndi mwana wa eni? Mawu awiri okha akanakwana, "sintha Kelvin", basi. Anthu otere amangofuna kuti tiziwaopa. Mayeso ndinagwa, ndinalowa sapu, mayeso obwereza aja, kutsala pang'ono kuwidwa, kuchotsedwa sukulu.

Ndinadzazimvetsa ndili kunyumba mu June, chifunga chili tii, tikuotha mbaula ndi agogo. Mbaula ili ndi njira zonse zitatu zimene kutentha kumayendera. Ukagwira chogwirira cha poto n'kupsa, ndi conduction, kutentha kwayenda m'chitsulo momwemo. Dzanja pamwamba pa makala, mpweya wotentha ukukwera n'kukupeza, convection. Ukakhala chambali nkhope n'kumatentha pomwe msana ukuzizidwa, radiation imeneyo, ndipo wina akangodutsa pakati pa iwe ndi moto kutentha kumaduka nthawi yomweyo. Ukawerenga funso yamba wadzifunsa kuti pa mbaula paja izi zili pati.

Ndiye ndinabwereza funso lija pa katoni ya sopo. Zolakwa zinali ziwiri nthawi imodzi. 127 kuphatikiza 273 ndi 400 K, 27 kuphatikiza 273 ndi 300 K. Ndipo aliyense umamukweza pa 4 payekha kenako ndi pomwe uchotsere, osati kuchotsera kaye. 400 pa 4 ndi 2.56 × 10¹⁰, 300 pa 4 ndi 0.81 × 10¹⁰, kusiyana 1.75 × 10¹⁰, kuchulukitsa ndi 5.67 × 10⁻⁸ ikubwera pafupifupi 992 W, ngati hotipuleti. Ine ndinati 5.67, ndiye kunena zoona kusekako panali pake koma anayenera kundiuza. Funso likapereka emissivity, nambala yosonyeza mmene chinthu chimatulutsira radiation, tinene 0.9, uchulukitsenso ndi imeneyo.

Msampha wake ndi uwu, pa conduction ndi convection ma degree amagwira ntchito chifukwa timangofuna kusiyana, 20 kuchotsera 8 ndi 12, 293 kuchotsera 281 ndi 12 yemweyo. Ndiye munthu umazolowera, umafika pa radiation uli ndi chibwana chomwecho.

Convection musavutike nayo, ndi h kuchulukitsa area kuchulukitsa kusiyana kwa kutentha, h, nambala yosonyeza changu chimene mpweya kapena madzi akunyamulira kutentha, amakupatsa mu funso. Ukauzira phala ukukweza h basi. Za k ungodziwa kuti kopa ali cha m'ma 400, aluminiyamu ya mapoto athuwa kupitirira 200, mtengo sufika ndi pa 1 pomwe, mpweya wosayenda 0.025, n'chifukwa chake timavundula ndi mthiko osati supuni, ndipo nyumba ya udzu usiku wa July imafunda kuposa ya malata opanda siling'i.

Langizo langa osaloweza ma formula, umvetse chimene chikuchitika, oloweza amagwa. Ngakhale ine sapu ija ndinakhoza chifukwa ndinalemba +273 pa khoma, pa chitseko cha bafa, pa chikuto cha kope lililonse, n'kuloweza mafunso akale onse ngati vesi ya Sande sukulu. Komanso usaope kufunsa aphunzitsi ako, pita ku ofesi kwawo, ndi ntchito yawo. Ine kwa bambo uja sindinapondeko ndipo ndikakumana nawo lero ndiwoloka msewu, koma iwe pita. Ukapeza ansala uziyerekeza ndi chinthu cha m'nyumba, babu kapena ketulo, usanadule mizere iwiri kunsi.

Bwereza nambala 3 ndi Kelvin uponye pano chithunzi, ndiona madzulo magetsi akabwera, foni yatsala 6%.