Kaundula wa mamembala asachoke m'manja mwanu

Mayi mlembi, pa nkhani ya zochitika ndi alendo odzalankhula ku kalabu yanu ya anthu opuma pa ntchito, ndikukupemphani chinthu chimodzi musanayambe n'komwe kulemba ndondomeko ya chaka: kaundula wa mamembala asachoke m'manja mwanu, ngakhale womufunayo atakhala wapampando amene. Ine ndinali mlembi monga inu, ndipo mpaka lero alipo amayi ena amene tikakumana panjira amayang'ana kumbali chifukwa cha buku limenelo.

Kalabu yathu inkayenda bwino. Tinali ndi gulu loyenda pansi m'mawa, kwaya, ndi kalasi yophunzitsana kagwiritsidwe ntchito ka foni ndi kompyuta, ndipo kamodzi pa mwezi kunkabwera mlendo wodzatiyankhula. Dzina la mlendo aliyense linkayamba ladutsa ku komiti. Koma mwezi wina a wapampando anangolengeza okha kuti apeza katswiri wa za chuma amene adzatiphunzitse kasamalidwe ka ndalama za penshoni, ndipo nditafunsa kuti munthuyo akuchokera ku bungwe liti, anandiyankha pamaso pa anthu kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndisiye kukayikira chilichonse. Holo inadzaza tsiku limenelo kuposa masiku onse, pakuti palibe munthu wopuma pa ntchito amene sagona akuwerengera ndalama zake.

Zimene munthuyo anayamba nazo zinali zoona, ndipo ndicho chinatipweteka. Anafotokoza bwino lomwe mmene kukwera mitengo kwa zinthu kumadyera penshoni, kuti ndalama imene ikukwanira lero sidzakwanira pakatha zaka khumi, ndipo tonse tinagwedeza mitu popeza tinkaziona tokha. Atationa kuti tagwidwa ndi mantha, anatsegula chikwama n'kutulutsa mafomu. Anati aliyense woika ndalama zake kwa iwo azilandira phindu mwezi uliwonse, phindu limene banki iliyonse singalonjeze, ndipo anawonjezera kuti malo atsala ochepa. Pomwepo a wapampando anaimirira n'kunena kuti iwo anaikako kale ndipo akulandira. Kenaka anabwera pa tebulo langa n'kunyamula kaundula, ati mlendo asayinemo. Munthuyo sanasayine. Anatsegula masamba limodzi ndi limodzi n'kumawajambula ndi foni yake, maina, manambala a foni, ngakhale malo amene tinkalembapo kuti uyu ndi wamasiye ndipo amakhala yekha, zomwe tinkalemba n'cholinga choti tiziyenderana wina akadwala. Ndinatsutsa nthawi yomweyo, koma ndinauzidwa kuti ndisachititse mlendo manyazi.

Mlungu womwewo mafoni anayamba kulira m'nyumba za anthu. Miyezi yoyambirira phindu linkabweradi pa tsiku lake, moti ena amene anayamba ndi zochepa anakatapa zonse zimene analandira popuma pa ntchito n'kukawonjezera, ena mpaka kuitana abale awo. Kenaka kunayamba zifukwa, ati makina a ku banki avuta, ati abwana ali kunja, ndipo pamapeto pake foni ya munthuyo inasiya kupezeka. Kuba kotereku si kwachilendo. Charles Ponzi anachita zomwezi ku Boston mu 1920 polonjeza phindu la 50 peresenti m'masiku 45, pamene ankangolipira oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo. Bernard Madoff, amene anamangidwa mu 2008 n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 150 mu 2009, anapeza anthu ambiri kudzera m'makalabu ndi m'mabungwe achifundo, kumene anthu amakhulupirirana chifukwa chodziwana. Wakuba wa mtundu umenewu safuna khamu la anthu osadziwana, amafuna gulu ngati lathu, limene munthu mmodzi wolemekezeka akangoti uyu ndi wabwino, onse amasiya kufunsa.

Chimene sindidzaiwala ndi msonkhano umene tinachita ndalama zitalowa m'madzi. Mayi wina wamasiye, amene anaphunzitsa ana moyo wake wonse, anaimirira atagwira mapepala ake onse m'manja, malisiti ndi fomu imene anasayina, manja akunjenjemera moti mapepalawo ankamveka kumbuyo kwa holo. Sanakalipe. Anangofunsa mwaulemu kuti popeza a wapampando ndiwo anabweretsa munthuyo, angawathandize bwanji kumupeza, chifukwa mwezi umenewo analibe ndalama yogulira mankhwala a kuthamanga kwa magazi. A wapampando sanaimirire n'komwe. Anayankha ali chikhalire kuti palibe amene anagwidwa dzanja posayina, kuti aliyense m'chipindamo ndi wamkulu, ndipo ngati anthu akudandaula kuti ankaimbiridwa mafoni, afunse amene amasunga manambala. Mitu yonse inatembenukira kwa ine. Ndinaimirira kuti ndifotokoze mmene bukulo linachokera pa tebulo langa, koma anandidula mawu ponena kuti nkhaniyo sinali pa mndandanda wa zokambirana, ndipo anandilamula kuti ndisalembe chilichonse cha zimenezi m'mfundo za msonkhano. Anthu amene anaona ndi maso awo bukulo likunyamulidwa anangoweramitsa mitu, pakuti ambiri a iwo anali ndi manyazi kuti ana awo angamve kuti anapusitsidwa. Mayi uja anapinda mapepala ake, natuluka, ndipo sanabwerenso.

Patapita nthawi tinamva kwa msungichuma kuti a wapampando ankalandira kangachepe pa munthu aliyense wolembetsa. Wakuba uja ndilibe naye mawu ambiri, kuba ndiyo ntchito yake. Amene amandiwawa ndi munthu amene tinkakhala naye mlungu ndi mlungu, amene ankatsogolera pemphero lotsegulira msonkhano, amene ankadziwa bwino lomwe kuti uyu ali ndi zidzukulu zamasiye, uyu amadalira mankhwala a shuga, koma n'kutidyera masuku pamutu. Mpaka lero sanapepese. Anangotula pansi udindo ponena kuti thupi silikuwalola, ndipo komiti inawalembera kalata yowathokoza chifukwa cha utsogoleri wabwino, kalata imene ine ndinakana kuilemba.

Tsono inu chitani izi. Mlendo aliyense alembe kalata yonena bungwe limene akuchokera ndi mutu wa nkhani yake, ndipo inu muimbe foni ku bungwelo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene wakupatsani iyeyo. Muuzeni asanabwere kuti m'holo simugulitsidwa kanthu, simusayinidwa fomu, ndipo simutengedwa nambala ya munthu. Wofuna kumutsatira atenge khadi lake n'kukaganiza kunyumba. Ngati akulankhula za kuika ndalama kuti zipindule, afunsidwe chiphaso chochokera ku bungwe la boma loyang'anira za ndalama m'dziko lanu, ndipo wina wa m'komiti akatsimikize. Lamulo limeneli likhudzenso ogulitsa mankhwala owonjezera mphamvu m'thupi ndi a inshuwalansi ya maliro, chifukwa nawonso amakonda kubwera ndi dzina la maphunziro.

Komabe musachite mantha mpaka kutseka chitseko, ndipo musachulukitse malamulo. Ife titapsa tinaika lamulo loti mlendo aliyense avomerezedwe ndi komiti yonse, ndipo zotsatira zake n'zakuti tinatha miyezi yambiri popanda mlendo, anthu n'kuyamba kujomba. Kunena zoona, nkhani yabwino koposa imene ndinamvapo m'holo imeneyo inakambidwa ndi namwino wina amene palibe anamufufuza, anangobwera ndi mnzake tsiku limene woitanidwa analephera, n'kutiphunzitsa mmene munthu wachikulire angadzukire akagwa ali yekha m'nyumba. Ine ndimaona kuti ndi bwino kusankha munthu mmodzi wodalirika n'kumusiyira ntchito yopeza alendo, chifukwa komiti ikachuluka imangokokana.

Musaiwalenso kuti aphunzitsi muli nawo kale m'gulu lanu. Maphunziro a anthu opuma pa ntchito otchedwa University of the Third Age anayambira ku Toulouse m'dziko la France mu 1973 pansi pa yunivesite, koma atafika ku Britain mu 1982 anawasintha kuti mamembala aziphunzitsana okhaokha, ndipo njira imeneyi yafalikira m'maiko ambiri. Amene anali makaniko, wowerengera ndalama, woyendetsa sitima kapena mzamba ali ndi nkhani yoti anthu angamvetsere ola lathunthu, ndipo munthu amene wakhala zaka osafunsidwa nzeru amatsitsimuka akapatsidwa mpata woima kutsogolo. Membala mumamudziwa kumene amakhala, choncho sangakuthaweni.

Pa zochitika zina sindichulutsa mawu. Nkhani zokhazokha zimatopetsa, ndipo anthu athu amakhala pansi kale tsiku lonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kuphatikizapo masiku atatu pa mlungu ochita zothandiza kuti munthu asamadzandire, choncho gulu loyenda pansi ndi kuvina pang'ono musanayambe msonkhano si zongotayitsa nthawi. Bungwe lomweli limati anthu oposa 25 pa 100 alionse a zaka zopitirira 60 ali ndi vuto lalikulu la kumva, ndiye chinkuzamawu chikhale chinthu choyamba kugula, apo ayi theka la holo lizingogwedeza mitu mwaulemu osamva kanthu. Mlendo apatsidwe mphindi 30 zokha, nthawi yotsalayo ikhale ya mafunso, ndipo tsiku la 1 Okutobala, limene bungwe la United Nations linapatula kuti likhale la anthu achikulire, musungireni mlendo wamkulu wa chakacho. Wodzalankhula za ndalama muitaneni ndithu, makamaka loya wofotokoza za kalembedwe ka wilo ndi kagawidwe ka chuma cha masiye, chifukwa mukapanda kutero anthu anu akafunsa kwina kumene inu simudzakhalako.